A Nalimata ndi Tepi ya Mng'ono Wawo

Dzina loti a Nalimata anawapatsa ndi amuna awo omwe. Tsiku lina anawapeza atakangamira m'mbali mwa minibasi, phazi limodzi pa tayala, dzanja lamanzere litagwira denga, lamanja likumata tepi pa labala wa galasi. Bamboyo anaseka mpaka kuzimitsa makina, n'kunena kuti ngakhale nalimata wa m'bafa sagwira khoma chotero. Oyendetsa matakisi amene ankadikira magalimoto awo pabenchi analitola dzinalo n'kuliwanditsa mumsewu monse. Mayiwo sanalole kuti zithere pomwepo. Poti makina opukutira penti amang'ung'udza tsiku lonse ngati kachilombo koboola mitengo ya denga, amuna awo anasanduka a Bemberezi, ndipo mpaka lero ana oyandikana nawo amaganiza kuti limenelo ndi dzina lawo lenileni.

Ntchito yawo inali kuseri kwa nyumba, m'shedi ya malata yokwana galimoto imodzi ndi theka. Yachiwiri ikabwera inkatsala matako ali padzuwa. A Bemberezi ankapukuta penti ndi makina kuti galimoto yotuwa iwalenso ngati yatsopano. Koma makina amenewa alibe maso. Siponji yake ikamazungulira n'kupeza labala wa chitseko imamupsereza. Ikapeza pulasitiki wakuda wa bampala imamusiya atatuwa mbuu ndi polishi, kutuwa koti sopo sachotsa. Pamsoko, pamene chitseko chakumana ndi thupi la galimoto, polishi amalowa mumpatamo n'kuumira ngati zitosi za mbalame. Pamene chitsulo chapindika mwakuthwa penti amakhala wopyapyala, moti makina akangochedwapo pang'ono chitsulo chimasuzumira. Malo onsewa amafunika kuwabisa makina asanalire, ndipo wobisayo anali a Nalimata.

Asanakwatiwe ankagwira ntchito kwa telala wina pakhonde la sitolo, kupinda mipendero ya masiketi ndi mathalauza. Chaka choyamba cha ukwati wawo, a Bemberezi, amene anali atangogula makina akale kwa munthu wina wosamuka, anawononga labala wa galimoto ya mphunzitsi wamkulu, ndipo mwiniwakeyo analankhula mawu amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa. Atachoka, mayiwo anasuzumira pa labala wopsererayo, kenako anayang'ana mpukutu wa tepi umene unali pawindo utadzaza fumbi. Anaona kuti nkhani yonse ndi ya mpendero basi, kudziwa pamene nsalu ikuthera. M'mawa mwake anavala malaya akale a amuna awo n'kulowa m'shedi, ndipo kwa telala sanabwererenso.

Anadziphunzitsa okha, molakwitsa ndi mokwiya. Anaphunzira kuti labala wonyowa kapena wamafuta sagwira tepi, ndiye ankayamba amupukuta kaye mpaka alire tswii pansi pa nsanza. Anaphunzira kuti tepi iyenera kugona pa labala, osati pa penti, chifukwa ikadya penti ngakhale pang'ono ngati ulusi, ukaichotsa pamatsala kamzere kotuwa kozungulira galasi, galimoto n'kumaoneka ngati munthu wosamba kumaso n'kuiwala m'khosi. Chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanja ankachisunga chachitali, chopala bwino ngati tchizulo, ndipo ndi chimenecho ankakankhira tepi kuti ilowe pansi pa mlomo wa labala. Pokhota ankadula timapisi ting'onoting'ono n'kumatisanja ngati mamba a nsomba. Zilembo za dzina la galimoto, timabowo totulutsa madzi otsukira galasi, zogwirira zitseko, pakamwa pa thanki, zonse ankazikuta chimodzichimodzi. Galimoto yomata kale sankalola kuti iime padzuwa, poti guluu wa tepi akatentha amasungunuka n'kutsalira. Eni magalimoto ankayamikira a Bemberezi, chifukwa kuwala ndi kumene kumaoneka, tepi imathera m'bini. Zimenezo sizinkawapweteka a Nalimata. Iwo ankadziwa, amuna awo ankadziwa, ndipo m'shedi imeneyo panalibe wina wokhudza tepi.

Anali ndi mng'ono wawo, wotsiriza kubadwa, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Kuyambira ali ana, Mzime anali wa manja amwayi. Chimene a Nalimata ankachiphunzira ndi thukuta mpaka zala kuchita matuza, Mzime ankangochiyang'ana kamodzi n'kuchichita akuimba. Kuluka tsitsi, kupalasa njinga, kulowetsa ulusi pa singano, zonse zinali choncho. Mayi awo ankakonda kuuza alendo kuti wamkuluyu ndi wakhama, wamng'onoyu ndi waluso, ndipo ankaganiza kuti ayamikira onse mofanana. Mawu amenewo a Nalimata anakula nawo ngati kaminga ka m'chidendene, kosaoneka koma komveka ukaponda.

M'mawa wina, ana awo atakula kale n'kupita kokaphunzira kutali, a Nalimata anaterereka pa thovu la sopo m'shedi atanyamula ndowa, n'kugwera dzanja lamanja. Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira m'zala mpaka m'chigongono. Nthawi imeneyo n'kuti ukwati wa Mzime utangotha, iye ali kwa mayi awo manja lende. Mayi awowo ndi amene anaganiza zoti apite akathandize mkulu wake kuphika ndi kuchapa mpaka dzanja lipole. Anafika ndi chikwama chimodzi ndi kawailesi, n'kupatsidwa chipinda cha ana.

Poyamba a Bemberezi anayesa kumata okha. Zala zawo zinali zonenepa ngati nthochi, ndipo tepi yawo inkayenda ngati munthu wochokera kumowa. Galimoto imodzi inkawathera m'mawa wonse, makina ali chete, oyendetsa matakisi akuyasamula pabenchi. Ndiye tsiku lina pa chakudya anafunsa, maso ali m'mbale, ngati sizingatheke kuti alamu awo ayeseko. A Nalimata anavomera msanga kuposa mmene bamboyo ankayembekezera. Mumtima ankati apa pokha mwana ameneyu aona kuti si chilichonse chimene munthu amachita akuimba.

Anakhala pa ndowa yozondotsa, chikhakha chili pachifuwa, n'kumalangiza ndi dzanja lamanzere. Sanabise kanthu, zonse anamuuza, poti ankakhulupirira kuti kumva ndi kwina, kuchita ndi kwina. Galimoto yoyamba Mzime anadya penti pa chitseko, ndipo a Nalimata anamuuza mokoma mtima kwambiri kuti amatule ayambirenso. Tsiku limenelo a Nalimata anadya mpaka kupempha zoonjezera. Pa galimoto yotsatira Mzime anaiwala timabowo ta madzi. Koma chisangalalo chimenechi sichinakhalitse. Mzime analibe chikhadabo chachitali, ndiye anatola khadi lakale la pulasitiki n'kumakankhira nalo tepi. Ndipo tsiku lina atafika pa kona ya galasi lakumbuyo, pamene a Nalimata ankasanja timapisi tawo, iye sanadule. Anakoka tepi ndi dzanja limodzi, lina likutsatira pambuyo n'kumaigoneka, ndipo tepi inakhota yokha ngati madzi otsata ngalande, kuzungulira galasi lonse mpaka kukumana pamene inayambira. A Nalimata ananena kuti imeneyo imatuka makina akafika. Sinamatuke. Kumapeto kwa tepi iliyonse Mzime ankapinda kakhutu kakang'ono kuti pochotsa munthu asavutike kutokosa. A Bemberezi atagwira kakhutu koyamba n'kukoka, tepi yonse n'kutsatira yokha, anayang'ana m'manja mwawo ngati munthu wapatsidwa mphatso.

"Alamu, dzanja lanu ndi lopepuka," anatero. "Zaka zonsezi ine ndikutokosa tepi ndi mano."

Sananene mwachipongwe. Bamboyo anali munthu wolankhula chimene waona, ngati mwana. Koma mwini wa tepi yotokosa ndi manoyo anali atakhala pomwepo pa ndowa.

Kuyambira pamenepo a Nalimata anayamba kumva zinthu zimene kale sankazimva. Ankamva kuti makina akazima, m'shedi mukumveka kuseka. Ankamva kawailesi ka Mzime kakuimba pa shelefu imene iwo ankaikapo tepi. Ankamva a Bemberezi akuitana akazi awo aang'ono kuti abweretse nsanza, nthabwala ya pachilamu imene ankainena kuyambira kale iwo n'kumaseka nawo, koma tsopano inkawalasa. Akakhala kukhitchini ankasuntha mpando kuti aziona chitseko cha shedi kudzera pawindo, uku akulimbana ndi kusenda anyezi ndi dzanja limodzi. Tsiku lina khadi la Mzime linasowa, n'kukapezeka patapita nthawi kuseri kwa kabati ya mbale. Iye sanafunse aliyense, anangodula lina pa chivundikiro cha chitini. Mayi awo ataimba foni kufunsa za dzanja, a Bemberezi anawauza monyadira kuti ntchito sinaime, Mzime wagwira tepi ngati anabadwa nayo. Mayiwo anati sakudabwa, mwana ameneyo ndi choncho kuyambira kale, kenako anaiwala kufunsa za dzanja lija.

Sikuti a Nalimata ankawaganizira zoipa awiriwo. Amuna awo ankawadziwa bwino: akaweruka ankagona pampando kukamwa kuli yasa, polishi ali m'nsidze. Nthawi zina ankalakalaka zikanakhala zoipazo, chifukwa nsanje ya mwamuna ili ndi kokaitula, anthu amakumvera chisoni. Anayesa kudandaulira mayi wina wogulitsa penti pakona, mnzawo wakalekale. Atangotchula kuti mng'ono wawo amatandala m'shedi ndi bambo, mayi uja anatsitsa mawu, maso ali tong'o, kufunsa ngati awagwira. A Nalimata atafotokoza kuti nkhani ndi ya tepi, mnzawoyo anaseka mpaka kugwira kauntala. Anati akanakhala iye akanathokoza kuti wapeza womugwirira ntchito, n'kumagona mpaka dzuwa limupeze pabedi. A Nalimata anabwerera kunyumba ndi katundu wawo yemweyo, ataonjezerapo manyazi.

Chikhakha chitachotsedwa, dzanja linatuluka lowonda, lotuwa, lonunkha ngati sokosi, koma chikhadabo chinali chitakula bwino. Anachipala n'kulowa m'shedi m'mawa mwake, ngakhale adokotala anali atanena kuti adikire kaye. Palibe anatchula zoti Mzime abwerere kukhitchini. A Bemberezi, pofuna mtendere, anagamula kuti galimoto ili ndi mbali ziwiri: mkulu kumanja, mng'ono kumanzere. Ankaganiza kuti athetsa nkhani, osadziwa kuti alambula bwalo la mpikisano. Mzime ankamaliza mbali yake n'kuyamba kukolopa, a Nalimata akadali pa chitseko chachiwiri, mkono ukuwawa, akusanja mamba awo a nsomba. Akafuna kuwathandiza, iwo ankayankha kuti mbali imeneyi ili ndi mwini wake.

Mwa magalimoto amene ankabwera kawirikawiri munali yaitali yakuda ya kampani ina ya zamaliro. Penti wakuda sabisa kanthu, kalikonse kamaoneka, ndiye imeneyo ndi imene a Nalimata ankainyadira kuposa zonse. Woyendetsa wake anali bambo wina wodekha, amene akazi awo anamwalira, ndipo anthu ankawatcha a Pang'onopang'ono chifukwa ngakhale galimoto ikhale yopanda kanthu ankayendetsa ngati kumbuyo kuli anthu oyenda pansi. Ankakonda kunena kuti amene amawanyamula sadandaula, koma abale awo amayang'ana ndi matayala omwe. Tsiku limenelo anakhala pabenchi n'kumaonerera Mzime akuzunguliza tepi pa galasi lalitali la m'mbali, lija anthu amaonerapo maluwa, ulendo umodzi osadula. Anapukusa mutu n'kuuza a Bemberezi kuti akuluakulu sananame, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. A Bemberezi anavomereza ndi mtima wonse. A Nalimata anali mbali inayo atagwada pa tayala, ndipo anamva zonse.

Masana atakwana, onse anapita kukadya pakhonde. A Nalimata anati atsale amalize kaye bampala. Atamva mbale zikulira, anazungulira n'kupita mbali ya Mzime. Poyamba ankangofuna kupeza cholakwika, kamodzi kokha, koti akadye nako bwino. Anayendetsa chala pa chitseko, pa msoko wa boneti, pa nyali, pa chogwirira. Panalibe. Tepi inagona pa labala ngati inamera pomwepo. Atafika pa kona ya m'munsi ya galasi lalitali lija anaima. Chikhadabo chinalowa pansi pa tepi mosavuta, ngati chikudziwa njira. Anaitukula kutalika kwa chala n'kuibwezera mwapamwamba chabe, yoti ukaiyang'ana ili bwino koma mphepo ikhoza kuinyamula. Kenako anakasamba m'manja n'kukhala pansi kudya, ndipo anafunsa a Pang'onopang'ono za mwana wawo wa kusukulu.

Makina anayambira mbali ya kumanja, ndipo a Nalimata anadikira kuti mbali yonseyo ithe. Anaganizapo zopita kukakanikiza kona ija, koma Mzime anali ataima pomwepo ndi nsanza. Siponji itafika pa galasi lalitali panamveka phwaa, makina anagwedezeka m'manja mwa a Bemberezi, tepi inazuka n'kukulungika pa siponji. Poti inali imodzi yosadula, inatsatira yonse. Asanazimitse, labala wa pakona anali atapserera mbuu, ndipo pa penti panali mzere wa guluu wokhotakhota ngati njira ya nkhono.

A Nalimata anaweramitsa mutu kudikira bingu. Ankalidziwa bingu limenelo. Kalekale, iwo ataiwala kubisa kabowo kamodzi ka madzi, bamboyo anakalipa mpaka oyandikana nawo kutuluka m'nyumba kudzaona chimene chagwa. A Bemberezi anaika makina pansi, anagwada n'kuyang'anitsitsa labala uja, kenako anatembenukira kwa Mzime amene anali ataima nsanza ili pakamwa.

"Musadandaule alamu, zimachitika," anatero mofatsa. "Ngakhale achemwali anuwa anayamba chonchi."

A Pang'onopang'ono anaonjezera kuti labala si munthu, akhoza kudzuka. Guluu anachoka ndi timafuta pang'ono, labala anamupaka zodetsa, ndipo dzuwa lisanapendeke kwambiri galimoto inatuluka ikunyezimira. Amene anatsala atapserera ndi a Nalimata.

Madzulo ake Mzime ankatsuka mbale, iwo akupukuta. Ali mkati motsuka, Mzime ananena, maso ali m'madzi.

"Achemwali, ine ndimamata ndi khadi. Tepi ija nditaichotsa pa siponji, panali podinda chikhadabo."

A Nalimata anapukuta mbale imodzi mpaka kutsala pang'ono kuiboola. "Ndiye ukawauza alamu ako?"

"Ndikawauze kuti zitani? Mukanangondiuza kuti ndizipita, ndikanapita."

"Ine sindinanene kuti uzipita."

"Simunanene."

Apa mawu amene a Nalimata anawasunga kuyambira ali atsikana anatuluka okha, motsitsa. "Chinthu chimodzi chokha, Mzime. Zonse unatenga. Walephera kundisiyira chimodzi?"

Mzime anatembenuka, manja akudontha madzi. "Munandiphunzitsa ndinu, mutakhala pa ndowa. Mumafuna ndizimata mokhota?"

Mumtima mwa a Nalimata yankho loona linali eya. Kenako Mzime ananena kuti kwa mwamuna wake uja ankauzidwa tsiku ndi tsiku kuti palibe chimene amadziwa, ndipo m'shedi muja ndi moyamba patapita zaka kumva munthu akuti wachita bwino. Sanalire. Anataya madzi a mbale panja n'kukalowa m'chipinda cha ana. Kwa alamu ake sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Patapita masiku a Nalimata anapeza amuna awo pakhonde akutsuka masiponji, n'kuwafunsa chifukwa chimene sanakalipire pa nkhani ya galimoto yakuda, pamene iwo anawakalipira ngati wakuba pa kabowo kamodzi. Bamboyo anadabwa kuti akukumbukirabe. Anati mlendo ndi mame, ukamukalipira mawa umapeza chipinda chili pululu. Koma mkazi wako ukamukalipira amakubwezera kawiri, nkhani n'kutha. A Nalimata sanakhutire. Anafunsa funso limene linawabweretsa: mbali yabwino ndi iti, yakumanja kapena yakumanzere? A Bemberezi anafinya siponji nthawi yaitali, thukuta likutuluka ngakhale kunali kozizira.

"Yanu imagwira kwambiri," anatero pomaliza. "Ya alamu imachoka mosavuta."

Yankho limenelo a Nalimata analitembenuza uku ndi uku kwa milungu yambiri, osapeza kuti woyamikiridwa ndi ndani.

Mzime sanachedwe. A Pang'onopang'ono anamuuza kuti ku garaja yaikulu, kumene amagulitsa magalimoto atsopano, akufuna munthu womata, ndipo anamuperekeza okha pa galimoto yakuda ija atakhala kutsogolo, anthu mumsewu akuvula zipewa. Anamulemba tsiku lomwelo. Anachoka ndi chikwama chake, kawailesi n'kusiyira alamu ake. A Nalimata anapezanso mbali zonse ziwiri za galimoto, ndipo masiku oyambirira ankazungulira m'shedi ngati munthu amene amubwezera munda wake. Koma posakhalitsa galimoto yakuda inasiya kubwera, poti a Pang'onopang'ono anapeza zifukwa zambiri zouzira abwana awo kuti ku garaja yaikulu n'kwabwino. Chaka chisanathe anamukwatira Mzime. Pa ukwatiwo a Nalimata anavina kuposa aliyense, anthu n'kumati taonani chikondi cha pachibale. Chikondicho chinalipo ndithu, koma sichinali chokha.

Ku garaja yaikulu anapitako kamodzi, kukanena za mayi awo amene mwendo unkawavuta. Anapeza pansi powala ngati m'chipatala, magetsi ataliatali m'makoma, ndi kangolo kodzaza tepi zamitundumitundu, yopyapyala ngati chingwe cha nsapato, yapakati, ina yaikulu ngati chikhatho. Mzime anali mu ovololo, ndipo amuna a ndevu zawo ankabwera kudzamufunsa ngati angayambe kupukuta. A Nalimata ananena za mwendo zija ataimirira, anakana tiyi, ndipo atafika kunyumba anauza a Bemberezi kuti malo aja ndi ozizira, munthu akhoza kudwala chibayo.

Komabe kuyambira pamenepo, bamboyo akapita kukagula polishi, iwo ankatseka chitseko cha shedi n'kumayesa kuzunguliza galasi ulendo umodzi osadula. Tepi inkachita makwinya pakona, iwo n'kuimatula n'kuibisa pansi pa zinyalala zina m'bini. Zinawatengera nyengo yonse ya mvula, koma anakwanitsa, monga ankakwanitsira zonse, atalumira mano. Tsiku limene a Bemberezi anazindikira n'kutsegula pakamwa kuti anene kanthu, mayiwo anawayang'ana ndi diso loti bamboyo anangoyatsa makina. Timakutu tokha ndi timene anatikana. Ankati timakutu ndi ta anthu aulesi, ndipo a Bemberezi anapitiriza kutokosa.

Zaka zingapo zitadutsa, Loweruka lina m'mawa, pageti panaima kagalimoto kobiriwira, kakale, kotuwa padenga. Anatulukamo ndi Mzime, atanenepa pang'ono, makiyi ali m'manja. Anati wagula kwa mnzake wa kuntchito, ndipo ku garaja kwawo salola kupukuta magalimoto a antchito, ndiye wabwera kwa alamu ake. A Bemberezi anakondwa, anatenga mpukutu wa tepi n'kumupatsa. Mzime sanaulandire. Anati lero wavala zoyera, wabwera ngati kasitomala, n'kukakhala pabenchi la oyendetsa matakisi atasanjikiza miyendo.

A Nalimata anamata kagalimoto kameneko ngati akuveka mkwatibwi. Labala aliyense anamupukuta n'kumubwereza. Anakuta zilembo chimodzichimodzi, ngakhale china chinali chitagwa kale n'kutsala chipsera chake chokha. Galasi lakumbuyo analizunguliza ulendo umodzi, mosathamanga, mpweya ataugwira, akumva maso a mng'ono wawo pamsana. Tepi itakumana pamene inayambira anaima kaye pang'ono, kupereka mpata woti wina alankhule. Mzime ankauza alamu ake za mankhwala atsopano a mwendo wa mayi awo, ndi za mwana wa amuna ake amene akufuna kusiya sukulu kuti aziimba.

Ntchito itatha Mzime anakazungulira kagalimoto kake, anati kawala kuposa mmene ankaganizira, anathokoza alamu ake ndi manja awiri, anakumbatira achemwali ake n'kuwauza kuti akuwonda, azidya. Kenako anapita, injini ikutsokomola pageti.

A Nalimata anayamba kutola tepi zakutha pansi n'kumaziumba mpira. Patapita kanthawi anafunsa amuna awo ngati anaona kuti Mzime anayang'ana kona ya galasi lakumbuyo. A Bemberezi, amene makutu anali atayamba kuwavuta ndi phokoso la makina, anati sanaone. Mayiwo anati anayang'ana ndithu, anadutsa n'kubwereranso, ndipo pobwererapo anachita kuwerama. Kaya anaona chabwino kaya cholakwika, sananene, ndipo kusanenako ndi dala. Anaponya mpira wa tepi m'bini n'kuitana woyendetsa takisi wotsatira kuti alowetse galimoto yake chobwerera, dzuwa lisanafike pa boneti.